Kadontho ka Nicasio

Mwamuna wanga amadula mchere.
Tsiku lonse nkhwangwa ili m'manja pa chidikha cha Uyuni,
kusema njerwa zoyera zomangira nyumba za alendo,
maso atabisala m'magalasi akuda
kuopa kuwala kochokera pansi.
Munthu wotopa ndi kuyera chotere
akafunanso chiyani kumwezi?

Chaka chatha anagulitsa njinga yamoto.
Anabwera ndi chimpope chokulunga m'bulangete,
chogula kwa mphunzitsi wopuma ntchito ku Oruro,
mwendo umodzi womanga ndi waya.
Akuti telesikopu.
Sindinamuyankhule masiku anayi.

Usiku uno wandigwedeza phewa:
Remigia, vala masiketi onse atatu,
Neputuni akudutsa m'mphepete mwa mwezi.
Ndani?
Pulaneti, akutero, lakumapeto kwenikweni.
Ndati limeneli likadutsa masana likanaluza chiyani.

Lole ya Eleuterio inalira kachitatu.
Tinasiya Colchani agalu ali m'tulo,
matayala akukukuta mchere, kuchu kuchu,
mpaka pomwe kulibe mtengo, kulibe mwala,
kulibe ngakhale choti n'kubisalako mphepo.
Tinazimitsa nyali.
Zii.

Mwezi unatuluka wowonda,
chikhadabo chodulidwa n'kutayidwa kum'mawa.
Iye anagwada ngati ali m'tchalitchi,
zala zong'aluka ndi mchere zikupotokola tizitsulo
mofatsa kuposa mmene anagwirira ana athu ali makanda.
Izi ndinaziona. Ndazisunga.

Kamera ikatsegula diso nthawi yaitali
mwezi umapsa, mbee, n'kumeza zonse.
Ikaphethira msanga
kumatsala mdima wopanda kanthu.
Wayesa kakhumi, wayesa makumi atatu,
akuwerenga chamumtima, mpweya ataugwira,
poti ngakhale kutsokomola kwanga akuti kukugwedeza dziko.

Kenaka batire linafa ndi chisanu.
Anatukwana m'Chikechuwa, mawu a bambo ake,
n'kukhala pansi pamcherepo, mutu m'manja.
Kum'mawa kunali kutayamba kutuwa.

Ndinalanda kabatireko
n'kukalowetsa pansi pa majuzi, pachifuwa,
pomwe ndimabisa ndalama za kumsika.
Kanandiluma ngati mpeni.
Tinamwa tiyi wa masamba a koka m'kapu imodzi,
osayankhulana,
ine ndikufungatira chitsulo ngati nkhuku pa dzira.

Litadzuka, tinapeza mphindi zisanu ndi imodzi.
Tcha. Tcha. Tcha.

Ona, akutero, mawu akunjenjemera.
Ndinaona mwezi, mabowo ake ngati nkhope ya wodwala nthomba,
ndi pambali pake kachitsotso.
Ndinanyambita chala n'kupukuta galasi,
ndimayesa kambewu ka mchere,
poti kwathu mchere umalowa paliponse,
m'tsitsi, m'wailesi, m'mikangano.
Kachitsotsoko sikanachoke.
Ndinapukutanso ndi mpango.
Kali pompo, kobiriwira pang'ono
ngati mtsempha wa padzanja la mwana.

Ndi kameneko? Njinga yonse ija?
Ndi kameneko.
Akuti dziko lathuli lingalowemo kopitirira makumi asanu,
akuti chaka chake chimodzi
chimakwirira agogo, ana ndi zidzukulu chisanathe.
Kuwala ukuonaku kunanyamuka maola anayi apitawo.
Ndinawerenga chobwerera m'mbuyo:
ndi nthawi ija anatembenuka pabedi
n'kundilanda bulangete lonse.

Dzuwa linabwera n'kufufuta zonse zakumwamba.
Iye anavala magalasi akuda, natola nkhwangwa,
sanagone n'komwe.

Chithunzicho tinakatsukitsa m'tauni, mabolivyano khumi ndi asanu.
Chili pakhoma, pakati pa kalendala ya kopaletivu
ndi satifiketi ya Wara ya kusekondale.
Ntchentche zawonjezapo madontho awoawo
moti alendo amaloza polakwika.
Eleuterio anaseka mpaka kutsamwa.
Nicasio sanena kanthu, amangoyang'ana ine,
ndipo ine ndimapukuta manja pa epuloni,
n'kuyandikira,
n'kunena kuti ayi, osati ako,
aka.

Za njinga sindinaiwale.
Kumsika ndimapitabe wapansi.